Maso Awiri a Twaibu Kunsi kwa Denga Lanu

Amayi anga, kumeneko mwadzukako bwanji, ndipo akukusungani bwino?

Ndine Asiyatu, mwana wanu woyamba. Ndadzitchula dala, chifukwa kuno anthu aiwala kuti munabereka ana awiri, ndiye ndikuopa kuti mwina matendawa afika ndi kumeneko komwe. Ku Liwonde masiku ano munthu akati "mwana wa malemu Abiti Musa" sakunena ine ayi. Akunena Twaibu wanu, yemwe uja anathawa sukulu ati chifukwa aphunzitsi anamuyang'ana moipa, inu n'kumukazingira mazira omupepesa. Ine amene ndinakafika ku yunivesite ku Zomba n'kubwerako ndi digiri, dzina langa tsopano ndi "achemwali ake a Twaibu". Ndalemba kuti ndidandaule, ndipo mundimvere mpaka kumapeto, poti kumeneko mulibe mphika pamoto woti munamizire.

Koma ndiyambe ndi zakumunda, poti ndi zomwe munkayamba kufunsa musanafunse ngati mutu wanga wasiya kupweteka. Ku Utale mvula inatinamiza. Inagwa yabwino pobzala, chimanga chitafika m'chiuno inangoti zii, ngati mkamwini wothawa khasu. Chomwe tinakolola, ngakhale anankafumbwe akuchita nacho manyazi. Watisunga ndi nandolo. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa; kamodzi kanafa, kotsalako kakukula ndi mwano wa make. Amuna anga, bambo a Juma, ali bwino, akadali pa ofesi pomwe paja ku Balaka, kudinda mapepala ndi kudandaula msana. Juma ndi Idrisa akukula ngati bango, ndipo Idrisa amafunsabe kuti inu anganga ake mubwera liti ndi zitumbuwa. Ine ndikadaphunzitsabe ku sekondale, kumeza choko tsiku ndi tsiku.

Tsopano mlandu woyamba. Amina, mkazi wa Twaibu, anachira mwana wamkazi. Wonenepa, wa maso anu, wa mphuno yanu, wa kulira kwa bambo ake. Ndipo amutcha Patuma. Dzina lanu, amayi! Dzina lomwe ine ndinkalisunga ngati ndiwo za mawa, kudikira kuti Mulungu adzandipatse mtsikana. Sanandifunse n'komwe. Ndinangomva pa tsiku lomumeta tsitsi, shehe akulitchula, ine ndili ndi mpunga m'kamwa. Munkati, "Nsanje ndi nsabwe, imaluma mwini nsalu." Ndikudziwa. Ndikukanda pomwe ndikulemba pano.

Mwina simukudziwa momwe zinayendera mutatisiya. Twaibu anali ku Joni pa malonda ake, ndipo poti ife sitigoneka maliro, anafika titakuikani kale. Anapita kumanda yekha, anabwerako maso ali gwa, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Ine ndinati mumtima, onani mwana wokondedwa uja. M'malo molira anayamba kugwetsa zinthu. Anachotsa malata anu adzimbiri n'kukhoma atsopano, anamanga mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, anapaka nyumba yonse penti wobiriwira. Yonse, kupatula kachigawo kamodzi: khoma lakum'mawa lija, kunsi kwa denga, pomwe munkayala mkeka n'kutsamira tsiku lonse mukusenda nandolo ndi kuyang'ana aliyense wodutsa. Panatsala kuda kwa msana wanu, komwe ndinkakuuzani chaka ndi chaka kuti tikutsuke. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, penti wakuthera kodi? Chuma chonse chija chathera pakona?" Anangoyamba kusewera ndi makiyi a galimoto, monga amachitira akafuna kuti munthu akumbukire kuti ali ndi galimoto.

Ndiye kunabwera maso. Paulendo wake wotsatira anabwera ndi timabokosi tiwiri tachitsulo, kalikonse kali ndi diso lagalasi kutsogolo. Akuti makamera. Osati ojambulira chithunzi cha pa chiphaso ayi, koma oyang'ana usana wonse osaphethira. Ati ku Joni nyumba ya munthu wodziwika siikhala yopanda zimenezi. Ndinamufunsa kuti kuno anamuberapo chiyani. Anati sanamuberepo, koma adzamubera. Mwamvatu, amayi, mwana wanu akulipirira wakuba amene sanabadwe.

Kunabwera bambo wina wa ku Limbe ndi makwerero ndi chikwama cha zitsulo. Ndinalipo tsiku limenelo, osati chifukwa chofuna kuona, ndinkangodutsa kuchokera ku Balaka, ndi basi. Anakwera pakona yakutsogolo, anaboola thabwa lija la m'mphepete mwa malata, n'kumangirira kabokosi kamodzi kunsi kwa denga, pomwe mvula singakafike. Anati akakaika potsika ana akaswa ndi legeni, akakaika pokwera kwambiri kazingoona zisoti ndi mipango, osati nkhope. Anakatembenuza kuti kasayang'anizane ndi dzuwa, poti nakonso kamachita chidima ngati munthu. Anakoka waya m'mbali mwa mitengo ya denga, anaboola khoma, n'kulowetsa m'nyumba. Anatilangiza kuti tizichotsa akangaude ndi zisa za mavu. Taganizani, mlonda wofunika kumupukuta m'maso.

Kamera yoyamba inaloza kugeti ndi msewu wopita kumsika. Pamenepo ndinamvetsa. Koma yachiwiri anakaimangirira kum'mawa, n'kuiweramitsa pansi, kuloza khoma losapaka lija. Ndinati, "Bambo, mwaphonya. Pamenepo palibe chitseko, palibe windo. Akuba adzaba khoma?" Iwo anati, "Mayi, funsani eni ake." Eni akewo anali kusewera ndi makiyi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinati izi ndi zomwe zimachitika ndalama zikafika kumene sukulu sinafike.

Mlandu wachiwiri ndi uwu. Mawaya aja anakathera m'bokosi la kanema pabalaza. Ndipo bokosilo analiika pati? Pakhoma pomwe panali chithunzi changa cha tsiku lolandira digiri, chija ndavala mkanjo wakuda inu mutaima pambali panga mutavala chitenje chobwereka, mukuoneka ngati akugwirani ndi apolisi. Anachichotsa. Chili m'kanjira kopita kubafa. Zaka zonse zija ndinadya nyemba zofumbwa ku Zomba, mphotho yake ndi kuyang'anira anthu opita kukasamba.

Mukudziwa kuti dziko lathu lino lilibe wailesi ya kanema. Ndiye bokosilo silionetsa china chilichonse koma bwalo lathu lomwe, lakuda ndi loyera. Koma abale, anthu! Liwonde yense anakhamukira kuno kudzaonera nkhuku zathu. Munthu wasiya nkhuku panja, walowa m'nyumba, wakhala pansi, akuonera nkhuku yomweyo m'galasi n'kumaomba m'manja. Ana ankathamangira kugeti kukavina, n'kuthamangiranso m'nyumba kuti akadzione, n'kupeza achokapo kale. Atsikana opita kumjigo anayamba kudzola mafuta ndi kuvala zapaukwati. Mnzanu uja Abiti Kasimu ankati akafika pageti amayang'ana kudenga, n'kugwada pang'ono, "Odi kumwambako!" Ndipo aliyense potuluka ankati, "Koma Abiti Musa anasiya mwana." Mwana. Mmodzi. Digiri yanga palibe anabwerapo kudzaionera, ngakhale wongosochera njira.

Ine ndinkangokumbukira kuti nyumba imeneyi inakhala zaka zonse yopanda mpanda, ndipo sitinasowepo ngakhale chipande. Munkati, "Mlonda wa nyumba ndi mbale. Amene wadya pako ndiye amakuuza kuti mbuzi yako yalowa m'munda." Komanso, tinene zoona, inu nokha munali kamera yokwanira. Munkadziwa amene wadutsa, kumene akupita, ndi amene wamusiya akulira kunyumba.

Chisangalalo chinatha tsiku lomwe kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Dzulo lake kunali msonkhano, ndipo anthu anapita ochepa, poti chaka chino aliyense ali kalikiliki kusaka ganyu. Anafika mwaulemu, anamwa tiyi, anayamikira chitukuko. Kenako anati amva kuti makinawa amasunga zomwe aona pa tepi, ndiye angakonde kuona amene ankadutsa kupita kumsika nthawi ya msonkhano. Twaibu anatuluka thukuta. Anati tepi ya dzulo yafufutika. Iwo anati palibe kanthu, angokhala pang'ono aonere za lero. Anakhala pampando wanu, amayi, n'kumatchula mayina a odutsa mmodzimmodzi, ngati akuitana ana m'kalasi. Ponyamuka anati, "Achimwene, maso awa musawachotse. Akuthandiza bata."

Mawu anayenda kuposa sitima ya ku Nayuchi. Pofika Lachisanu, kumzikiti kunali kutamveka kuti diso la Twaibu limatumiza nkhope za anthu kulikulu, limamva ngakhale zonong'ona, ndiponso limadziwa amene alibe khadi ya chipani. Msewu wathu unauma. Anthu anatsegula kanjira kena kuseri, kodutsa m'minga, kulolera kung'ambitsa zitenje. Ogulitsa usipa ankafika pakona n'kutsitsa mawu. Pabalaza panatsala Twaibu ndi nkhuku zake zam'galasi.

Ndisakunamizeni, poti kumeneko mumaona zonse popanda waya: tsiku limenelo ndinadya bwino. Ndinaonjezera. Bambo a Juma anandifunsa kuti kodi andikweza pantchito.

Koma chimwemwe changa sichinagone masiku ambiri, chifukwa chaka chinali kukwana, ndipo sadaka yanu inali pafupi. Mpunga unali utagulidwa, mbuzi zitamangidwa. Ndinapita kwa Abiti Kasimu kukapempha amayi ophika. Anati, "Mwanangu, amako anali m'bale wanga. Koma pophika timalankhula, ndipo pakamwa pa mayi wosonkhezera moto palibe chitseko. Wina adzangoti ufa wakwera mtengo, mawa lake tidzamve kuti anamutenga." Ndinawafotokozera, ndi sukulu yanga yonse, kuti kamera ija ilibe makutu. Anati, "Nanga a tcheyamani nawonso alibe?" Ndinapita kwa shehe. Iwo anati akhala akumva kachifuwa masiku ano, ndiye tiona momwe Mulungu afunire. Ankanena zimenezi ndi mawu omveka mpaka kutsidya kwa Shire.

Apa nsabwe zija zinasiya kuluma, amayi. Ndinaona bwalo lanu lili mbee, miphika yodzaza, mikeka yoyala, popanda wokweza manja kukupemphererani. Inu amene simunaphonyepo sadaka ya munthu kuyambira ku Kalembo mpaka ku Ntaja, ngakhale miyendo itatupa. Munkati, "Mpunga wa sadaka sudyedwa ndi eni ake." Manyazi akanakhala a Twaibu yekha ndikanawaonerera nditakhala pampando wakutsogolo. Koma akanakhala anu.

Ndinamuuza kuti atsitse zinthu zakezo. Anati, "Achemwali, mukufuna ndikagone kuti? Munamva zomwe ananena a tcheyamani. Ndikachotsa adzati ndikubisa chiyani." Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire chake, mwana wanu ananena zanzeru. Kuzisiya, anthu sabwera. Kuzichotsa, abwera ena amene sitinawaitane.

Ndinatuluka n'kuima pakona kuyang'ana diso lija, nalonso likundiyang'ana. Pamenepo ndinaona misomali yanu. Wokhoma malata sanaizule. Ikadali m'mitengo ya denga, yadzimbiri, yopindika, pomwe chaka chilichonse munkapachika zikwatu za mfutso, masamba ouma a khobwe ndi nkhwani atakulungidwa bwinobwino, kudikira mwezi wosowa ndiwo. Msomali umodzi unali patsogolo penipeni pa kamera.

Ndinabwerera kwa Abiti Kasimu kukabwereka zikwatu ziwiri, zazikulu ngati mutu wa Twaibu. Ndinakwera makwerero ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, nditamanga chitenje ngati wopita kunkhondo, poti buluku kwa ife amayi ndi mlandu. Mayi wa ana awiri, mphunzitsi wa sekondale, ali lendelende kudenga ndi ndiwo m'manja. Ndinapachika chimodzi kutsogolo, china kum'mawa. Nditalowa m'nyumba, m'galasi munali masamba okhaokha. Sindinaonepo kanema wokoma chotero.

A tcheyamani sanachedwe. Anaima pageti, anakweza mutu, anati, "Mayi, chikwatu chanu chatchinga diso." Ndinagwada mwaulemu wonse womwe munandiphunzitsa ndi womwe simunandiphunzitse. Ndinati, "Pepani a tcheyamani. Ndi misomali ya malemu amayi, ndipo pokonzekera sadaka yawo tapachika ndiwo pomwe ankapachika okha. Ndi mwambo wa makolo, womwe mumatikumbutsa pa msonkhano uliwonse kuti tisautaye chifukwa cha zinthu zachizungu. Koma ngati mwalamula kuti tiutaye, ingonenani, ndikauze amayi onse kuti mwatero." Anatsokomola. Anayang'ana chikwatu, anayang'ana ine. Anati mwambo ndi wofunika kwambiri, n'kufunsa ngati tsikulo kudzakhale nyama ya mbuzi.

Ndinalowa m'nyumba ndikuyenda ngati ndalandira digiri yachiwiri. Koma nditayang'ana m'galasi, mbali yoonetsa kamera yakum'mawa inali itayera. Ndinathamangira kum'mawa, ndipo ndinapeza Twaibu akutsika pa makwerero, chikwatu chili m'khwapa. Ndinamuthira mawu, amayi. Ena mwa iwo simukanawakonda. Ndinati, "Iwe, mutu wako unatsala pa chipata cha ku Joni kodi? Ndavutika ine kukupulumutsa, iwe ukuvula zomwe ndaveka? Kamera yakhungu yoyang'ana khomayi ndiye yakupweteka mtima?"

Anaika chikwatu pansi pang'onopang'ono. Makiyi sanawagwire. Anati, "Achemwali, ilo la kugeti litchingeni, ngakhale ndi chiguduli, ngakhale mpaka kalekale. Koma ili lisiyeni. Silionapo munthu aliyense." Ndinati ndiye ntchito yake n'chiyani. Anati, "Inu munalipo. Munawagwira dzanja, munawamwetsa madzi, munawasambitsa. Mawu awo omaliza munamva ndinu. Ine ndinapeza dothi. Ndikakhala pabalaza m'mawa ndi tiyi, ndimayang'ana pamenepa. Ndikudziwa kuti sabwera, sindine wamisala. Koma ndikatuluka kudzakhala pano anthu andiona, ndiye ndimaonera m'katimo."

Amayi, kodi munkadziwa? Mwana ameneyu ali ndi nsanje. Ndi ine! Galimoto, geti, dzina la mwana, Liwonde yense akumuombera m'manja, iye n'kumasirira ine chifukwa cha kapu ya madzi. Ndinafuna kukondwa, koma zinakanika. Ndinangotola chikwatu chija n'kunena kuti chabwino, ichi tidzaphika.

Abiti Kasimu anafalitsa nkhani kumjigo kuti diso la kugeti lavala mfutso, ndipo linalo limangoyang'ana khoma. Tsiku la sadaka m'mawa anthu ankafika pakona, kusuzumira kudenga, kuona chikwatu chikugwedezeka ndi mphepo, n'kulowa akumwetulira. Anabwera a ku Utale, a ku Kalembo, ngakhale abale anu a ku Nayuchi pa sitima. Chifuwa cha shehe chinapola mozizwitsa. Amayi ophika analankhula zonse zomwe anasunga masiku onsewa, mtengo wa ufa ndi zina zomwe sindilemba papepala. Manja anakwezedwa ambirimbiri, amayi, ndipo dzina lanu linatchulidwa mpaka ine kutopa. Mpunga unatha. Miphika anaikokota mpaka kuwala. A tcheyamani anadya kawiri.

Ndiye mlandu wachitatu, waukulu. Pomaliza pemphero la dua, shehe anaimirira nati tiyamike mwana wa malemu chifukwa cha nzeru ndi ulemu, poti ngakhale ali ndi zipangizo za kunja, wadziwa kuzitchinga ndi mwambo wa amayi ake. "Achimwene athu a Twaibu, Mulungu akuonjezereni." Anthu onse, "Amiin!" Ine amene ndinakwera makwerero! Ine amene mwendo ukadali ndi chilonda cha msomali wanu! Twaibu anatsegula pakamwa kuti akonze, koma anthu anali atayamba kale kumugwira chanza. Abiti Kasimu anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Leka, amako aona." Ndiye ndikufunseni: munaona? Chifukwa ngati nanunso kumeneko mukuti ndi nzeru za Twaibu, ndiuzeni ndisiye kuvutika.

Anthu atayamba kubalalika, dzuwa litapendeka, Amina anali kutsuka mbale ndipo kamwana kaja kankalira ngati kalumidwa ndi linthumbu. Ndinakanyamula, osati chifukwa chokakonda, kankangondisokosa. Mithunzi yonse inali ndi anthu, kupatula umodzi womwe aliyense ankaulambalala. Ndinakoka mkeka, ndinakhala pansi pakhoma lakum'mawa, ndinatsamira. Ndinaiwala za diso. Patuma anangoti zii, n'kuyamba kuyamwa chala, akundiyang'ana ndi maso anu aja ofunsa kuti wachedwa kuti.

Posakhalitsa ndinamva mapazi. Twaibu anatulukira pakona akuthamanga, wopanda nsapato, n'kuima chilili. Nkhope yonse inali yonyowa. Misozi yomwe inakanika kumanda inadzatuluka chifukwa cha bokosi la ku Joni. Ndinayamba kudzuka, iye anati, "Iyayi, achemwali, musasunthe. Ndinali pabalaza. Ndinangoona munthu watsamira, wapinda mwendo umodzi chonchi, mutu wapendekera kumsewu. Ndinayesa ndi iwo."

Ndinati, "Nanga unkayembekeza kuti afanana ndi ndani? Woyamba kubadwa ndani pano?" Anaseka akulira, n'kukhala pansi pafumbi pafupi ndi mapazi anga, monga ankakhalira ndi inu. Ndinayang'ana khoma kumbuyo kwanga. Kuda kwa msana wanu kunandikwana ndendende, amayi, ngati munachita kundiyeza.

Chikwatu cha kugeti chikadalipo, ndipo chikafumbwa tidzapachika china. Anthu ayambiranso kudutsa mumsewu wathu, Abiti Kasimu tsopano amapereka odi kwa ndiwo. Chithunzi changa chikadali m'kanjira ka kubafa. Nkhani imeneyo sinathe, ndipo ngati mumabwera kutulo kwa mwana wanu wokondedwayo, mumutchulireko.

Ine ndikulonjeza ichi. Loweruka lililonse ndizikwera basi ku Balaka, ndizidzayala mkeka pamalo panu, ndi nandolo wosenda ndi kamtsikana kakuba dzina kaja pamiyendo. Mwana wanu asamaonerenso khoma lopanda munthu. Azindionera ine, tsiku lonse, afune asafune. Dzina analanda, ulemu analanda, koma msana ndi wanga.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani kuposa momwe amakukonderani iye, ndipo musamuuze kuti ndikukayika.

Ndine mwana wanu, woyamba,
Asiyatu